Nthano Imene Ba Festus Sanamalize

Ngati munakwerapo minibasi pakati pa Lusaka ndi mlatho wa Luangwa zaka za m'mbuyomu, mwina Ba Festus munawaona. Anali kondakitala wamfupi, wa mpata m'mano, amene pakamwa pake sipankatsekeka. Basi isanafike n'komwe pa Chongwe ankakhala atayamba kale nkhani. Mayi wotopa ndi mwana wolira ankamuseketsa mpaka mwanayo kusiya kulira n'kumayang'ana amake. Woledzera wovuta sankalimbana naye. Ankangomukhazika pafupi ndi khomo n'kumuyambira nkhani ya woledzera mnzake amene ankapita kukapepesa kwa apongozi ku Rufunsa, n'kugona m'basi mpaka kukadzukira ku Nyimba.

Koma anali ndi khalidwe limodzi lopweteka. Nkhani ikafika pokoma, anthu onse atatchera khutu, iwo ankamenya denga la basi n'kufuula, "Otsikira pa Chinyunyu, konzekani!"

"Malizani kaye, Ba Festus!"

"Mudzakwerenso," ankayankha choncho uku akutsitsa matumba.

Ine ndinawadziwa bwino atasiya za pamsewu. Kantemba kanga ka matimati ndi nthochi kali pafupi ndi ka akazi awo, Ba Olipa, pamene magalimoto amaima anthu akafuna kuona madzi otentha a pa Chinyunyu. Nyumba zathunso zinayandikana.

Ba Festus anabadwira ku Shikabeta. Sukulu analekezera giredi folo, chifukwa amalume awo amene ankawalera anali ofula uchi ndipo ankafuna wowanyamulira ndowa. Nthano zawo zambiri anazitola kumeneko, m'tchire dzuwa likuswa mtengo, akuyenda pambuyo pa amalumewo. Zonse zinali za m'Chisoli, chilankhulo cha kwawoko. Chinyanja cha pamsewu anachidziwa bwino atakula, ndipo nthanozo anazisamutsira okha m'Chinyanja, kupatula nyimbo zake. Ankati nyimbo sisamuka.

Ba Olipa kwawo ndi ku Petauke. Awiriwa anakumana m'basi, ndipo Ba Olipa amanena okha kuti anakwatiwa ndi pakamwa, munthuyo anachita kubwera pambuyo. Mawondo atayamba kuvuta, eni mabasi nawonso atayamba kufuna anyamata otha kulendewera pakhomo, Ba Festus anabwera kudzakhazikika kuno. Anatsegula munda wa chimanga ndi nshawa, ndi kadimba ka matimati m'mphepete mwa kamtsinje. Pamaliro ndi paukwati ankafunidwa kwambiri, chifukwa pamene iwo akhala anthu sankatopa kudikira. Koma kunyumba kwawo analibe owamvetsera. Ana awo awiri aamuna, amene pano ali ku Lusaka, ankachita nawo manyazi bambo olongolola chotero. Akangomva kuti "Panangokhala," ankatenga mafoni awo n'kutuluka.

Mwana womaliza ndi Melody. Anali wofatsa kwambiri, woti ukamupatsa moni unkachita kutchera khutu kuti umve yankho. Palibe amene ankaganiza kuti mwa ana onse ndi iyeyu amene adzapemphe nthano.

Chaka chimene Melody anali giredi leveni, bungwe lina loona za achinyamata linakonza mpikisano wa nthano m'masukulu a m'boma lathu. Aliyense anayenera kukamba nthano ya kwawo, pakamwa, popanda pepala, ndipo opambana anayenera kukapikisana ndi anzawo ku Lusaka. Pasukulu pawo amene ankayang'anira zimenezi anali Ba Madamu Namakau, mphunzitsi wachitsikana amene anatumizidwa kuno kuchokera ku Lusaka. Iwo ndi amene anamva Melody akuwerenga m'kalasi n'kumuuza kuti mawu ake ndi abwino, akungowabisa.

Tsiku limene Melody anabwera nayo nkhaniyi ndinalipo, tikusankha matimati pakhonde pawo.

"Atate," anatero atagwada pambali pawo, "ndifuna mundiphunzitse nthano imodzi. Ya kwanu ku Shikabeta."

Ba Festus anamuyang'ana kwa kanthawi, kenaka n'kuyang'ana akazi awo. "Amake Melody, mwamva? Kapena makutu anga ayamba kunama?"

"Ndamva. Musamuopseze mwana."

"Iwe, ubwereze. Ufuna chiyani?"

"Nthano, atate."

Anadzuka, n'kuzungulira nyumba yonse opanda chimene akufuna, n'kubwera kudzakhalanso pomwe anali.

Anasankha nthano ya mtsikana wotchedwa Mwaka. Inkayenda motere. Chaka china cha njala yoopsa, anthu atadya ngakhale mbewu, kunabwera mwamuna wochokera kutsidya la mtsinje waukulu kudzafunsira Mwaka. Mwamunayo anali ndi nkhokwe ya mapira yosatha, koma anaika lamulo limodzi: Mwaka adye mmene angathere, koma asadzawolotse ngakhale njere imodzi kupita nayo kwa amake. Mwaka anakwatiwa, ananenepa, koma akakhala pamtondo ankaona utsi wa kwawo ukuchepa mwezi ndi mwezi. Ndiye anayamba kusokerera njere za mapira mumpendero wa chitenje chake, pang'onopang'ono, akuimba kanyimbo kuti mwamunayo asamve kulira kwake. Mpendero utadzaza anathawa. Anafika pamtsinje n'kupeza madzi asefukira, bwato palibe, ndipo kumbuyo kunkamveka mapazi a mwamuna uja.

Ankaphunzitsirana kudimba, Melody akaweruka kusukulu. Ine dimba langa lili kumunsi kwa lawo, choncho ndinkamva zonse. Ba Festus sanali mphunzitsi wofatsa.

"Manja amenewo ukuimitsa nawo galimoto? Tsitsa! Dzanja limakwera kamodzi, pamene pakufunika."

"Usayang'ane pansi, pansi palibe anthu. Sankha munthu mmodzi amene wakhala kumbuyo kwenikweni, amene akuoneka kuti sakufuna kumva. Uzikambira ameneyo."

"Wathamanga. Mwamunayo akanena lamulo, iwe khala chete. Chete! Anthu alimeze kaye."

Nyimbo ndi imene inavuta kwambiri. Melody Chisoli amamva koma lilime lake ndi la amake, ndiye mawu ena ankawapinda. Bambo ake ankamubwereza mzere umodzi mpaka madzi m'kheni yothirira kutha, kenaka n'kukatunga ena n'kuyambiranso. Nthawi zina mwanayo ankalira. Koma mawa lake ankabweranso, ndipo patapita masabata angapo ndinayamba kuimika khasu kuti ndimvetsere, chifukwa mawu aja obisika anali atatuluka.

Chokhacho n'chakuti nthawi zonse ankalekezera pamtsinje.

"Nanga Mwaka anatani, atate? Anawoloka?"

"Ukhoze kaye kumufikitsa pamadzi. Ukamufikitsa bwino ndidzakuuza."

"Koma masiku akutha."

"Mapeto ndi afupi. Ndikakuuza manje uziwathamangira, pakati ponse n'kuwononga. Loweruka ndikuuza."

Lachinayi m'mawa Ba Olipa anapita kudimba kukathyola matimati ogulitsa, n'kuwapeza amuna awo atagwa pakati pa mizere, kheni ili pambali, madzi atatayikira. Maso anali otsegula koma pakamwa panali patapotoka. Kukuwa kwa Ba Olipa ndinakumva ndili kunyumba. Matenda a bipi anali atawauza kale ku kiliniki, koma mapilitsi ankamwa mutu ukawawa pokha.

Tinawanyamula pa wilibala mpaka kumsewu. Ba Bornface, aneba athu amene ali ndi kalole, anali atapita ku Lusaka ndi makala. Ndiye tinaima m'mphepete mwa msewu n'kumaimitsa chilichonse. Minibasi yoyamba inali yodzaza, inangoliza huta. Yachiwiri inachepetsa liwiro, kondakitala n'kusuzumira, ataona munthu pa wilibala anamenya denga basi n'kupitirira. Ba Olipa anamasula chitenje chapamwamba n'kulowa pakati pa msewu akuchikupiza. Ba Festus ankayang'ana zonsezi, mutu utagwera mbali imodzi. Dzuwa linali litakwera ndithu pamene dalaivala wina wa lole yochokera ku Chipata anaima, n'kuvomera kutembenuka kutiperekeza kuchipatala.

Anakhalako masabata angapo. Adokotala anati ndi sitiroko. Mbali ya kumanja yonse inali itafa, mkono ndi mwendo. Anatinso munthuyo akumva zambiri zimene tikulankhula, koma njira yotulutsira mawu ndi imene yawonongeka. Mwina idzatseguka, mwina ayi.

Anabwera kunyumba ali ndi liwu limodzi lokha: "Tiye." Liwu limene ankauza nalo madalaivala kuti basi inyamuke. Akafuna madzi, "Tiye." Akamva kuwawa, "Tiye." Abusa atabwera kudzawapempherera, pomaliza onse tinati ameni, iwo anati "Tiye," ndipo anadzimva okha n'kutseka maso. Ngakhale kugwedeza mutu kunasokonekera. Ukawafunsa ngati akufuna tiyi ankatha kuvomera, ukabwera naye n'kumukankha ndi dzanja lamanzere mokwiya. Tinayesa kuwapatsa pensulo. Analemba timizere tokhotakhota, n'kuyang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenaka n'kuligwetsa pansi.

Melody anasiya zokonzekera. Akaweruka ankathandiza amake kuwasambitsa bambo ake, kuwatembenuza, kuchapa zofunda. Mpikisano utayandikira, Ba Madamu Namakau anabwera kunyumba. Anakhala pampando pafupi ndi Ba Festus, n'kuwapatsa moni mwaulemu ngati kuti ayankha.

"Melody, palibe amene akukukakamiza," anatero. "Koma ngati ukufunabe, ndili ndi buku la nthano. Tisankhemo ina yaifupi, uiloweze."

Ba Festus anayamba kumenya pansi ndi ndodo imene tinawasemera. "Tiye! Tiye! Tiye!"

"Atate, mukufuna ndisapite?"

Anamenyanso.

"Mukufuna ndipite?"

Anamenyanso chimodzimodzi.

"Mukufuna ndikambe ya Mwaka?"

Apa ndodo inaima. Anamuyang'ana mwana wawo, misozi ikutsika mbali imodzi ya nkhope. Tonse tinagwirizana kuti ndi zimene akufuna. Ngati tinamva molakwika, palibe amene akanatiuza.

Vuto linali mapeto. Ba Olipa anati nthanoyo anaimvapo ali mtsikana, koma m'basi, ndipo siinathe. Ine ndinaimva kudimba kokha. Melody ndi amake anafunsa akuluakulu angapo a kuno, koma ena sankaidziwa, ena ankaisakaniza ndi zina. Ndiye Melody anayamba kuwafunsa eni ake. Ankakhala pansi kutsogolo kwawo n'kumayesa.

"Mwaka analowa m'madzi?"

"Tiye."

"Anamira?"

"Tiye."

"Mwamunayo anamugwira? Atate, ngati ndi zoona finyani dzanja langa."

Ankafinya. Akafunsa zosiyana nazo, ankafinyanso. Pena ankayesetsa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, milomo ikunjenjemera, tonse titasiya zimene tikuchita kudikira. Kenaka liwu lomwe lija linkatuluka, ndipo ankadzimenya pantchafu ndi chibakera.

Ba Olipa anatumiza uthenga ku Shikabeta kwa Ba Justina, alongo awo a Ba Festus. Anabwera atanyamula nkhuku ndi uchi, n'kulira kaye tsiku lonse. Mawa lake Melody anawafunsa.

"Ya Mwaka? Ndikuidziwa, amalume ankaikonda," anatero Ba Justina. "Uja anasanduka mbalame. Ayi, dikira, wosanduka mbalame ndi wina, uja anakana mwamuna wa mano osongoka. Mwaka ndiye anathandizidwa ndi ng'ona. Kapena ng'onayo inamudya? Mwana wanga, ife atsikana sitinkapita kutchire. Tinkangomva zidutswa."

Ba Festus anatulutsa phokoso lina loti sitinadziwe ngati akuseka kapena akulira.

Chiyembekezo chachikulu chinabwera tsiku lina masana. Melody ankachapa kuseri kwa nyumba akuimba kanyimbo ka Mwaka motsitsa. Mwadzidzidzi pakhonde panamveka mawu ena akumulandira. Anali Ba Festus. Ankaimba nyimbo yonse, mawu a Chisoli akutuluka bwinobwino, limodzi ndi limodzi. Ba Olipa anagwetsa mbale. Melody anathamanga manja ali thovu lokhalokha.

"Atate, mwalankhula! Imbaninso!"

Anaimbanso. Tinasonkhana pakhomopo, ena akulira, ena akuyamika Mulungu. Melody anagwada n'kunena kuti, "Manje imbani mapeto. Musalankhule, ingoimbani zimene Mwaka anachita." Anawayambira kayimbidwe kake. Ba Festus anatsegula pakamwa, n'kuimba nyimbo yomwe ija kuyambira poyamba. Anayesa kachiwiri, kachitatu, zomwezo. Namwino wa ku kiliniki anadzatiuza pambuyo pake kuti zimachitika, munthu wa sitiroko amatha kuimba nyimbo imene anailoweza kale koma osatha kupanga mawu atsopano.

Nthawi itatha, Ba Madamu ndi Melody anapanga okha mapeto. Mwaka anamanga chitenje chija kumutu, n'kulowa m'madzi akuimba. Madzi anamumvera chisoni n'kuphwera, iye n'kuwoloka. Mwamuna uja atalowa, madzi anabwereranso n'kumutenga. Anthu a kwawo anadzala mapira aja, njala n'kutha. Ba Madamu anati oweruza amafuna nthano yokhala ndi phunziro, ndipo apa phunziro linalipo: mwana asaiwale kwawo.

Melody anaikamba yonse pamaso pa bambo ake dzulo lake la mpikisano. Mpaka pamtsinje Ba Festus ankamutsatira ndi maso, milomo ikuyenda. Atayamba mapeto atsopanowo, iwo anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Atopa," anatero Ba Olipa. "Akhala nthawi yaitali."

Melody anangotola mbale n'kulowa nazo m'nyumba.

Za kupita nawo ku Rufunsa, kumene kunali mpikisanowo, tinakangana. Ba Olipa ankaopa ulendo ndi kutentha. Melody anati sakwera papulatifomu ngati bambo ake kulibe. Pomaliza Ba Bornface anavomera kutitenga pa kalole kawo. Tinayala matiresi kumbuyo, n'kuwaveka Ba Festus jekete yawo ya kutchalitchi, imene tsopano inkawakulira.

Mpikisano unachitikira mu holo ya tchalitchi china. Munali modzaza ana a sukulu ovala mayunifomu osiyanasiyana, aphunzitsi, ndi makolo ochepa. Malata ankatentha ngati chiwaya. Kutsogolo kunakhala oweruza, awiri ochokera ku Lusaka ndi mayi mmodzi wachikulire wa konkuno. Ife tinawakhazika Ba Festus kumbuyo pafupi ndi khomo kuti azipeza kamphepo, ine mbali ino, Ba Olipa mbali inayo, kuti asagwe.

Ana anakamba bwino, ena mwamantha, ena mokuwa mpaka sipika kulira. Mnyamata wina wa ku Shikabeta anaseketsa holo yonse ndi nthano ya mkamwini waumbombo amene anabisa dzungu lotentha m'chipewa. Ndinaona Ba Festus akumuyang'anitsitsa, mbali yamoyo ya pakamwa pawo ikukwera pang'ono.

Atatchula dzina la Melody mtima wanga unagunda ngati mwanayo ndi wanga. Anakwera, n'kuyang'ana maikolofoni, n'kuisiya patebulo.

"Panangokhala," anatero.

"Tili tonse," anayankha ochepa.

Anadikira. Anayang'ana kumbuyo kwa holo, kumene kunali anyamata ena amene ankaseweretsa foni. "Panangokhala," anabwereza, osakweza mawu.

"Tili tonse!" Apa inayankha holo yonse.

Poyamba mawu ankanjenjemera. Koma pofika pamene mwamuna wa kutsidya akunena lamulo lake, Melody anapendeketsa mutu, n'kukhala chete, ndipo ine ndinaona Ba Festus a kale ataima pakhomo la basi. Anyamata aja anaika foni m'thumba. Melody dzanja analikweza kamodzi kokha, posonyeza utsi wa kwawo kwa Mwaka ukuchepa.

Melody atayamba nyimbo, Ba Festus anailandira. Mawu awo anamveka holo yonse, okalamba koma osaphonya. Anthu anatembenuka. Mayi woweruza uja, amene Chisoli ndi chake, anaika cholembera pansi n'kuyamba kuyankha nawo, ndipo makolo ena anatsatira. Melody anaimba misozi ili m'maso koma sanasokoneze mzere ngakhale umodzi.

Kenaka Mwaka anafika pamtsinje. Madzi asefukira, bwato palibe, mapazi akumveka kumbuyo. Melody anaima, n'kuyang'ana bambo ake.

Ba Festus anayesa kudzuka. Ndinawagwira paphewa. Anakweza ndodo, pakamwa pakugwira ntchito yoopsa, maso atafiira. "Tiye!" anafuula. "Tiye! Tiye!"

Ana a sukulu anaseka. Anaganiza kuti mdalayo akulimbikitsa mwana wake, ndiye anayamba kuwathandiza, akuwomba m'manja: "Ti-ye! Ti-ye! Ti-ye!" Holo yonse inalowerera. Ba Festus anayang'ana uku ndi uku, akugwedeza mutu, akumenya ndodo pasimenti, koma akamamenya kwambiri anawo ankakuwanso kwambiri.

Melody anaimirira pomwepo, manja ali m'mbali. Mmodzi wa oweruza anamusonyeza wotchi. Ndiye Melody anapitiriza: "Mwaka anamasula chitenje chake, n'kuchimanga kumutu..."

Ba Festus sanasiye. Mawu awo tsopano ankasokoneza nthanoyo, ndipo bambo wina wa bungwe lija anabwera n'kunong'oneza Ba Olipa mwaulemu kuti mwina akuluwa akapumeko panja. Tinawanyamula ndi mpando womwewo, ine, Ba Olipa ndi Ba Bornface, n'kukawakhazika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa holo. Ali pamenepo anakhala chete, akupuma mwamphamvu, thukuta likuyenderera m'khosi. Ba Olipa ankawakupiza ndi mpango.

"Atate ake Melody, mwana wachita bwino," ankatero. "Mwamumva? Wachita bwino."

M'katimo munaphulika m'manja ndi nthungululu. Ba Festus anatseka maso.

Melody anakhala wachiwiri, pambuyo pa mnyamata wa dzungu uja. Anamupatsa satifiketi ndi chikwama cha mabuku, ndiponso malo opita ku Lusaka. Anzake akumukumbatira, iye anawapatuka n'kubwera pansi pa mango paja. Anagwada, n'kuika satifiketi pamiyendo ya bambo ake.

"Atate, ndalakwitsa, eti? Sizinathe choncho."

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakweza dzanja lamanzere n'kuliika pamutu pake. "Tiye," anatero motsitsa kwambiri.

Pobwerera Ba Olipa anati amenewo anali madalitso. Ba Bornface anati akuluwa amangofuna tizipita, atopa. Melody ulendo wonse anangogwirizira mutu wa bambo ake kuti usamagunde chitsulo galimoto ikalowa m'maenje.

Ku Lusaka anapita ndi Ba Madamu mwezi wotsatira. Sanapambane. Anati holo inali yaikulu, ndipo ataimba nyimbo ija palibe amene anayankha. Koma mphunzitsi wina anali atajambula pafoni za ku Rufunsa zija, ndipo kanemayo anayenda m'mafoni a anthu ambiri kuno. Pano ana a pa Chinyunyu amaidziwa nthanoyo. Amaitcha nthano ya Ba Festus, ndipo amaikamba mpaka kumapeto, madzi kuphwera, mwamuna kukokoloka. Amasewera nayo ngakhale pabwalo la nyumba yawo, wina kukhala Mwaka, wina kukhala mtsinje, eni ake atakhala pakhonde akuonerera.

Melody anapitirizabe kuwafunsa kwa miyezi ingapo. Akaganiza mapeto ena ali m'kalasi kapena kumunda, ankabwera nawo kudzayesa. Koma nthawi iliyonse Ba Festus ankavutika, usana wonse osadya, ndipo tikapita nawo kukapimitsa bipi inkapezeka itakwera. Namwino anafunsa chimene chikuwasautsa kunyumba. Atamva, anamuuza Melody mosabisa kuti akapitiriza akhoza kuwabweretsera sitiroko yachiwiri. Kuyambira pamenepo dzina la Mwaka silitchulidwa m'nyumba muja.

Dimba lija linagonera chaka chatha, chifukwa Ba Olipa sangathe kusamala wodwala, kantemba ndi matimati nthawi imodzi. Anyamata a ku Lusaka amabwera pa Khirisimasi, amakhala pafupi ndi bambo awo kwa kanthawi, osadziwa chokamba. Melody anamaliza giredi thwelofu ndipo akudikira zotsatira. Ba Madamu akufuna kuti adzaphunzire zauphunzitsi, koma iye akuti akachoka amake atsala ndi ndani.

M'mawa uliwonse asanapite kumsewu, Ba Olipa amachita zimene anawaphunzitsa kuchipatala. Amakhala kutsogolo kwa amuna awo n'kumanyamula zinthu chimodzichimodzi. "Kapu. Nenani, kapu. Sipuni. Nsapato." Ba Festus amayang'ana chinthucho, n'kuyang'ana akazi awo.

Sabata yatha Ba Olipa anabwera kwathu akuthamanga, mpango uli m'manja.

"Ba Agness, bwerani msanga! Anena kuti madzi! Ndanyamula kapu, iwo akuti madzi!"

Ndinasiya poto pamoto n'kuthamanga nawo. Tinawapeza atakhala momwe anawasiyira, akuyang'ana nkhuku pabwalo. Ba Olipa ananyamulanso kapu ija, n'kuigwedeza kuti madzi amveke. Anawapempha, anawanyengerera, anawatchula dzina limene ankawaitana ali achinyamata. Tinadikira mpaka dzuwa kufika pakhonde. Sanabwereze.

Ba Olipa akuti anamva bwinobwino, sanalote. Ine sindinawatsutse. Ndinawathandiza kunyamula madengu, tinapita kumsewu mochedwa.